Tsiku Limene Tadeyo Anaima pa Chinyunyu

Agogo anga aamuna, a Lungu, ndikawakumbukira chimayamba kundifika ndi fungo la guluu womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi fungo lija la mazira owola lochokera ku madzi otentha a pa Chinyunyu m'mawa wa nyengo yozizira, nthunzi ikamakwera pamwamba pa mabango ngati wina wayatsa tchire. Ankakonza njinga pansi pa mkuyu m'mphepete mwa msewu waukulu wopita kummawa, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkamiza machubu m'beseni n'kumayang'ana potuluka thovu. Malole ankadutsa akubangula, amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata ankathamangira basi iliyonse yoima, koma pakati pa phokoso lonselo pankamveka wailesi ya kaseti ya agogo, yomangidwa ndi mphira kuti kachitseko kake kasagwe, ikuimba nyimbo za Tadeyo Mlongoti.

Tadeyo sanali woimba wa m'mabala. Anali ndi gitala imodzi basi, ndi mawu okhuthala ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Palibe wa pa Chinyunyu amene anamuonapo. Tinkangodziwa chithunzi cha pakaseti: mwamuna wonenepa masaya, chipewa chopendekera mbali imodzi.

"Ena amaimba kuti miyendo ivine," agogo ankatero. "Uyu amaimba kuti munthu ukhale pansi."

Ndipo anthu ankakhaladi pansi. Aliyense pamkuyupo anali ndi nyimbo yake. Amake Lute, mnansi wathu wogulitsa nthochi, ankakonda "Mchere wa Mnansi", ya mkazi amene amapita kukapempha mchere pomwe mchere ali nawo, kungoti akufuna womulankhula. Madalaivala ankapempha "Tsika Bwino pa Manenekela", ya chitsetso choopsa cha pamsewu womwewu. Chilala chachikulu chija chinali chitangopita kumene, ndiye agogo nthawi zina ankaimitsa kaseti pakati pa nyimbo, sipanala ili m'manja.

"Tamvani apa. Akuti njala ili ndi ulemu, imayamba yagogoda ku nkhokwe. Inu munaganizapo zimenezo?"

"Ba Lungu, tsegulani nyimbo, tisamve ulaliki," amake Lute ankayankha, anthu n'kuseka.

Koma panali nyimbo imodzi imene sinkamveka pamkuyupo. Inali kuseri kwa kaseti, ndipo dzina lake ndinaliwerenga pachikuto: "Wabwera Chogona". Nthawi yake ikayandikira, agogo ankapukuta manja, kutulutsa kaseti, kulowetsa bolopeni pabowo n'kupukusa mpaka nyimboyo itadutsa. Ankati akusunga mabatire. Palibe ankawatsutsa.

Ine ndinabwera kwa agogo amayi anga atamwalira ku Lusaka. Anawabweretsa pa lole, ine nditakhala pambali pa bokosi. Pamaliro anthu ankanong'onezana mawu akuti kaliwondewonde, ndipo akandiona ankasiya. Agogo aakazi anali atatisiya kalekale, choncho tinatsala awiri. Agogo ankandisamala bwino, ankandiluka ngakhale tsitsi ndi zala zawo zolimba zija, koma dzina la mwana wawo sanalitchulenso. Ndikafunsa kuti amayi anali otani ali wamng'ono, ankangoti, "Misozi, tandipatsa pampu uko."

Tsiku lina Loweruka, dzuwa litakwera ndithu koma mphepo ikuzizirabe, panaima galimoto yaing'ono yapikiapu. Munatuluka mayi wovala chitenje ndi juzi, n'kufunsa njira yotsikira ku madzi otentha. Kumbuyo kwa galimotoyo, pamatiresi, panagona munthu wofunda bulangete mpaka m'khosi. Amake Lute anathamangira komweko ndi nthochi pamutu, anasuzumira, kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Tonse tinkaudziwa muonekedwe umenewo wa kaliwondewonde.

Wailesi inali ikuimba "Mchere wa Mnansi", koma mokoka, chifukwa mabatire anali atatopa. Munthu wa pamatiresi uja anadzutsa mutu.

"Mdala, mabatire atha," anatero. "Nyimboyo sindinaiimbe mozizira choncho."

Agogo anaima chilili, chubu chili m'manja. Masaya a pachithunzi aja panalibe, chipewa panalibe, koma mawuwo anali omwewo. Anavula kapusi yawo n'kuyandikira.

"Ndinu ba Tadeyo?"

"Otsala ake," anayankha, n'kuyesa kuseka, koma chifuwa chinamugwira.

Mayi uja anafotokoza. "Ndi mlongo wanga. Kuchipatala atiuza kuti tipite naye kumudzi, ku Katete. Kuchokera ku Chongwe wakhala akundivutitsa kuti tiime pano, aviikeko mapazi m'madzi otentha. Koma kuyenda sangathe, ndipo dalaiva akuti galimoto singatsike kanjirako."

Mbiri inali itathamanga kale. Ogulitsa makala, anyamata a pagolosale, amayi a mbatata, onse anasonkhana. Anthu omwe ankakangana tsiku ndi tsiku za nyimbo zake anaima mozungulira galimoto, koma patali, manja kumbuyo. Masiku amenewo ambiri tinkakhulupirira kuti matendawo ungawatenge pa thukuta kapena pa kapu.

Agogo anatiyang'ana tonse. Sanakalipe. Anatenga njinga yawo, anapinda jekete yawo n'kuiyala pakaliyala, kenako analowetsa manja pansi pa Tadeyo n'kumunyamula ngati mwana.

"Misozi, gwira chiwongolero."

Tinatsika naye kanjirako pang'onopang'ono, ine kutsogolo, agogo atamukumbatira m'chiuno kuti asagwe, mlongo wake akutsatira ndi bulangete. Pamene madzi amatulukira mpotentha moti dzira limapsa, choncho tinapita naye kumunsi, kumene amayi amachapira zovala. Agogo anamukhazika pamwala, anapinda buluku lawo, analowa m'madzi n'kugwada. Mapazi a Tadeyo anali otupa, ali ndi zilonda. Agogo anawagwira ndi manja awo n'kuyamba kuwasambitsa, chala chimodzichimodzi, mosamala ngati mmene ankachitira ndi masipoko a njinga yatsopano.

Tadeyo anatseka maso. "Aaa, mdala. Papita nthawi munthu asanandigwire wopanda magolovesi."

Anthu aja anali atatitsatira, ataima kumtunda. Woyamba kutsika anali amake Lute. Anakhala pansi pafupi ndithu, n'kusenda nthochi yakupsa kwambiri.

"Ba Tadeyo, ine yanga ndi ya mchere ija. Amuna anga atapita ku migodi osabwerako, mkazi ameneyo ndinali ine. Munandionera kuti?"

"Ndinaonera amayi anga," iye anatero, n'kulandira nthochiyo.

Kenako wogulitsa makala wina anatchula yake. Mnyamata wa pagolosale anatchula yake, n'kulakwitsa mawu, anzake n'kumukonza onse pamodzi. Mmodzimmodzi anatsika mpaka anamuzungulira. Tadeyo ankamvetsera, maso akuwala m'nkhope yowumayo. Pomaliza anayang'ana pansi, pamene agogo anagwada.

"Nanga inu, mdala? Yanu ndi iti?"

Agogo anapitiriza kuthira madzi pamapazi. Kenako anati, "Ilipo imodzi imene sindiimvera. Wabwera Chogona."

"Ndinailakwitsa?"

"Ayi. Munaiimba ngati munalipo."

Tadeyo anati, "Ndinaipeka mng'ono wanga atafa. Mawuwo ndi a amayi anga, ine ndinangowatola. Tsopano akaiimbanso kachiwiri." Anapuma movutikira. "Mpweya ndilibe, mdala. Tandiimbireni inu, ndimve ngati inakhala bwino."

Ndinali ndisanawamvepo agogo akuimba, ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza milomo. Ndinkaganiza kuti akana. Koma anayamba, maso ali pamadzi, ndipo nyimbo imene ankaidumpha tsiku lililonse ankaidziwa yonse.

"Unapita chokhala, pampando wa pawindo,
unandibayibitsa mpaka fumbi litakubisa.
Lero wabwera chogona.
Ndakusungira dzungu la m'munda wa kuseri,
udzuka liti kuti udye?"

Pamene nyimbo imati "mwana wanga", agogo anati, "Enelesi wanga." Dzinalo analitchula kamodzi, n'kulitchulanso. Ine ndinakhala pansi m'matope ofunda aja n'kulira mokweza, kulira kumene sindinalire pa lole paja. Agogo anatambasula dzanja lonyowa n'kundikokera pafupi.

"Uyu ndi wake," anauza Tadeyo. "Matenda ake anali omwewa. Ine ndinachita manyazi, sindinapite kukamuona ku Lusaka. Mapazi ake sindinawagwire."

Amake Lute anaphimba nkhope ndi chitenje. Tadeyo anaika dzanja lake, lopepuka ngati tsamba louma, pamutu panga.

Pokwera naye kumsewu, njinga sinafunikenso. Anyamata a makala anamunyamula pamanja. Galimoto itanyamuka, anthu sanabalalike msanga, ndipo basi ina inaima n'kuchoka popanda woithamangira.

Agogo anatseka ntchito dzuwa likadali pamutu. Tinayenda kupita kunyumba akukankha njinga, ndipo osafunsidwa anayamba kulankhula. Anandiuza kuti amayi anali amanzere, ndipo aphunzitsi anawamenya mpaka kutopa osawasintha. Anati tsiku lina anaba njinga ya kasitomala n'kupalasa mpaka kukafika pafupi ndi Rufunsa, n'kubwera atakwezedwa pa thirakitala, njinga itaphoka matayala onse. Anati sankaopa njoka kapena mdima, koma chule akalowa m'nyumba ankakwera patebulo n'kukuwa mpaka mudzi wonse kubwera. Analankhula mpaka madzulo, akuseka, akupukuta maso ndi kapusi.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, wailesi inalengeza kuti Tadeyo Mlongoti wamwalira kwawo. Pamkuyu panadzaza anthu ngati pamaliro enieni. Amake Lute anagula mabatire atsopano, ndipo kaseti inaimba mbali zonse ziwiri, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Agogo anatisiya ine nditamaliza sukulu. Lero ndine wamkulu kuposa msinkhu umene amayi anafika, ndipo nkhope yawo ndimaikumbukira mwa apo ndi apo. Koma zimene ndinauzidwa panjira tsiku lija ndinazisunga zonse, ndipo ndinazipereka kwa ana anga, mobwerezabwereza, mpaka anazitenga ngati zawo. Iwo sanawaonepo amayi anga. Komabe mvula ikagwa, chule n'kudumphira pakhonde, wamng'onoyo amathamangira kwa ine akukuwa kuti, "Amama, bwerani! Agogo Enelesi akanakwera patebulo!"