Kuseri kwa Dzanja la Clifford Sugden

Clifford Sugden sankatsegula chikwama cha zida asanakhudze paipi. Akalowa m'nyumba ya munthu, chipewa chili kumutu, ankalunjika ku kabati momwe mumakhala thanki ya madzi otentha, n'kugunditsa kuseri kwa dzanja lake pa paipi imodzi, kenako pa inzake. Mwininyumba ankatha kufotokoza mavuto ake onse ali kumbuyo, iye osacheuka. Ankati anthu amakokomeza, koma paipi sidziwa kunama.

Ndinakhala naye khomo loyandikana zaka makumi atatu ndi zinayi ku Sowerby Bridge. Ine ndinali woyendetsa basi, iye wokonza mapaipi ndi zotenthetsera nyumba. Anali wamfupi, wamakutu akuluakulu, ndipo sanakwatirepo. Buledi wake wa tchizi ankadya chiimire. Pogwira ntchito sankafuna wailesi, ati imamutsekera kulira kwa pampu. Atapuma pa ntchito anagulitsa galimoto, koma chikwama anasunga, pamodzi ndi chitini cha mabisiketi chodzaza timota ta mavalavu a mapaipi.

Matenda a shuga anamupeza ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Sankawatchula. Ine ndinkangoona kuti mabatani a jekete ayamba kumudyera nthawi, ngati zala zachita dzanzi.

Lachinayi lina mu Novembala mayi Hepworth a pa nyumba nambala 19 anagogoda kwa Clifford ine ndili pomwepo. Amuna awo, a Norman, anali m'chipatala atathyoka m'chiuno. Achipatala anali atanena kuti nesi abwera Lachisanu m'mawa kudzaona nyumba. Ikapezeka yofunda, a Norman abwerera kwawo. Ikapezeka yozizira, apita kunyumba yosungira okalamba. A Norman anali atauza akazi awo kuti akangolowa kumeneko sadzatulukako ndi miyendo yawo.

"Chiyambire Lamlungu marediyeta onse otenthetsera zipinda ali zii," anatero mayiwo. "Anabwera mkulu wa kampani ina, n'kungosuzumira pa boila yotenthetsa madzi. Akuti yakalamba, pafunika yatsopano, ndidikire milungu itatu. Milungu itatu, a Clifford! Ndili ndi tsiku limodzi ine."

"Madzi osamba akutentha?" anafunsa Clifford.

"Akutentha bwinobwino."

Clifford anatenga chipewa, n'kunditembenukira. "Wilf, nyamula chikwamacho. Mwina ungagwireko ntchito kamodzi usanafe."

Kabati ya a Hepworth ili pamwamba pa masitepe. Clifford anasuntha matawulo, nauza mayiwo kuti ayatse zonse, madzi ndi marediyeta omwe. Tinadikira mpaka boila itabangula pansi. Kenako anagwada. Pa paipi yopita ku marediyeta panali kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja. Imeneyo ndiyo valavu, ndipo mkati mwake mumakhala kamota kamene kamatsegulira madzi njira. Clifford anagunditsa kuseri kwa dzanja pa paipi yolowa m'kabokosiko, n'kulisiya pamenepo kanthawi. Anachitanso chimodzimodzi pa yotuluka.

"Zonse n'zozizira," anatero. "Madzi sakufika n'komwe. Ngati si pampu, ndiye kuti mkulu wa kampani uja ananena zoona."

Mayi Hepworth anakhala pansi pa sitepe yapamwamba. Sanalire. Anangopinda thawulo limene linali kale lopinda.

Ine ndinali nditaimirira pambuyo pa Clifford ndi tochi. Kuseri kwa dzanja lake kunali mzere wofiira wa kupsa, wolingana ndi kukula kwa paipi, koma iye osamva kanthu. Ndinaganiza kaye. Munthuyo ndinkamudziwa, ndipo ndinkadziwa chimene mawu anga amulande.

"Clifford, taona dzanja lako."

Analitembenuza. Analiyang'ana nthawi yaitali ngati la munthu wina. Kenako anasendera pambali.

"Gwira apa, Wilf."

Ndinakhudza paipi yolowa, n'kuchotsapo dzanja msangamsanga. "Mayo! Iyi ikuwotcha."

"Nanga iyi?"

"Yozizira ngati geti la kumanda."

"Ndiye basi," anatero, mawu ake osasintha. "Mayi, boila yanu ilibe mlandu. Madzi akufika pakhomo, koma wotsegula chitseko wagona."

M'mbali mwa kabokosiko munali kachitsulo kokankha ndi chala. Anandiuza kuti ndikakankhe pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kanayenda molimba, m'kati mukulira ngati wotchi yakale, ndipo posakhalitsa paipi yozizira ija inayamba kufunda pansi pa zala zanga. Valavu inali yamoyo. Chakufa chinali kamota.

"Bwanji tingokasiya chikankhire?" anafunsa mayiwo.

"Zingakunamizeni. Thanki ikangotentha boila izima yokha, ndipo nesi wanu adzakupezani mukunjenjemera. Wilf, kazimitse magetsi. Batani lolembedwa zotenthetsera, osati la firiji ya eni ake."

Anavundukula chitini cha mabisiketi, nasankha kamota. Anagwira sikuludiraiva, koma kasikulu koyamba kanamupulumuka n'kugwera kuseri kwa thanki. Kachiwiri sanakayese. Anandipatsa sikuludiraivayo osandiyang'ana, natenga tochi.

"Kumanzere, iwe. Kumanzere kwako, osati kwa okwera basi."

"Timasikulu ngati mpunga iti, wopanga wake anali ndi zala za mbewa?"

"Zaka makumi atatu ukupotokola chiwongolero, kasikulu kamodzi kakukutulutsa thukuta. Mayi, m'patseni tiyi uyu asanakomoke."

Tinatenga ola lathunthu pa ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire. Mawaya awiri ndinalumikiza iye akuloza ndi tochi. Nditayatsa magetsi, mayi Hepworth anakweza kutentha pa kachipangizo ka pakhoma la pabalaza. Tonse tinatchera khutu. Kamota kanang'ung'udza, valavu inati tapu, boila n'kubangula.

Patapita mphindi khumi mayiwo anafuula ali kuchipinda: "Rediyeta ya kwa a Norman yayamba kufunda! A Clifford, bwerani mudzaigwire!"

"Ndakukhulupirirani," anayankha.

Tinabwerera kwathu. Pakhomo pake anatenga chikwama m'manja mwanga, koma chitini anandisiyira. Kuchokera tsikulo, munthu akabwera kudzamuitana ankamupatsa nambala ya wokonza wina wa ku Halifax.

Nesi anabwera Lachisanu, ndipo akuti anavula jasi asanakhale pansi. A Norman anafika masana pa ambulansi. Mayi Hepworth anatiitana kuti tikadye keke ya jinja. A Norman anali pampando pafupi ndi rediyeta, akudandaula kuti m'nyumbamo mwatentha ngati m'chipatala momwemo.

Tisanatuluke, Clifford anati akufuna kuona ngati sitinasiye chida. Ndinamutsatira pa masitepe. Anatsegula kabati, chipewa chili kumutu, nagunditsa kuseri kwa dzanja lopsa lija, lomwe tsopano linali ndi bandeji, pa paipi yolowa, kenako pa yotuluka. Sanachedwetsepo. Atatero anandiyang'ana. Ndinakhudza zonse ziwiri n'kugwedeza mutu kusonyeza kuti zikutentha. Iye anabwezera matawulo m'malo mwake, natseka kabati.