Jombo za ulendo wa kwathu

Kwathu ndi kuseri kwa mapiri amene ndimawaona ndikaima pakhomo. Ananditenga chitengwa, ndinabwera kudzakhala kwawo kwa amuna anga kufupi ndi ku Bembeke. Wapansi sangapite n'kubwerako tsiku lomwelo, koma wa njinga amatha. Njinga ndimaidziwa kuyambira ndili mtsikana. Ndinkanyamulirapo kabichi wa amayi, ndipo pamtsetse sindinkatsika.

Chaka chimene mwana wanga anayamba kukwawa, uthenga unabwera woti amayi mwendo wawatupa, sakupitanso kudimba. Mwanayo anali atamuona kamodzi kokha, ali wakhanda. Munali mu Juni. Chifunga chinkakhala mpaka masana, mvula ya mawawa osaleka, njira yonse ili tererere.

Njinga ya pakhomo pathu mabuleki ake ndi ongoyerekeza. Potsika phiri umaponda tayala ndi phazi kuti ichepetse liwiro. Mapedulo nawo mphira inatha, panatsala zitsulo zokha. Ndi patapata sungayese, amaterereka akanyowa, ndipo zala zimauma ndi chisanu mpaka osamva chimene waponda. Ndinkadziwa chimene chinkafunika: jombo zofika mu akakolo, za pansi pokhuthala ndi pa mano, zosalowa madzi, zotsala kampata ka sokosi. Zoterezi za amayi sizipezeka. Zimakhala pa mulu wa nsapato za abambo.

Tsiku la msika ndinabereka mwana n'kupita pa kaunjika. Ndinazungulira kaye kwa a tomato, kenako kwa a zitenje, kudikira kuti pa mulupo anthu achepe. Sanachepe. Panali anyamata a kabaza atakhalira njinga zawo, akuwotha moto wa makatoni.

Jombo ndinkafunazo ndinaziona zisanandione. Zinali zofiirira, zazing'ono bwino, zingwe zake zosiyana mitundu. Ndinazitola, n'kukanda pansi pake ndi chikhadabo. Mphira yake inali yolimba. Ndinapisa dzanja mkati, munali ubweya wofunda.

Wogulitsayo ndi mnzawo wa amuna anga, amaimba limodzi kwaya kutchalitchi.

"Alamu! Lero mwasochera? Za amayi zili uko."

"Ndikungoona," ndinatero.

"Kungoona kokanda ndi chikhadabo? Kapena mwayamba kabaza? Anyamata, samalani, makasitomala athawira kwa alamu anga!"

Anyamata aja anaseka. Mmodzi anati, "Ine ndikwera woyamba, mayi, koma musakandigwetsere mu dimba la eni."

Sikunali kunyoza, ndikudziwa. Koma mawu anatuluka okha.

"Ndi za bambo a mwanayu."

"Aaa, mukananena! Izi sizingalowe ndi chala chomwe. Amuna anu phazi lawo ndi khasu." Anandilanda zofiirira zija n'kuziponya pamulu, nafukula zina zakuda, zazikulu ngati mabwato. "Izi ndiye zawo. Akazi achikondi ngati inu atsala ochepa."

Ndinalipira, n'kuzikulunga m'chitenje. M'njira ndinkadzilimbitsa mtima kuti ndiika nsanza kutsogolo kwake, zindikwana. Nditafika ndinaziyesa kuseri kwa nyumba. Phazi linkasambira. Ndinakwera njinga pabwalo pomwepo, jombo imodzi n'kuvuka ndisanazungulire n'komwe. Ndi mwana kumsana, pamtsetse wonyowa, sindikanayerekeza.

Madzulo amuna anga anabwera akumwetulira. Anali atakumana ndi mnzawo uja.

"Mayi a mwana, akuti mwandisungira katundu?"

Anazivala pomwepo, zinawakwana ngati anabadwa nazo. Anayenda nazo mpaka kwa apongozi anga kukawaonetsa. Chikwatirane sindinawaonepo atakondwa choncho ndi chinthu chochokera kwa ine. Ndikanayamba bwanji kunena?

Loweruka lake anati, "Ndi nsapato izi phiri lija si kanthu. Ndikawaone amayi, inu ndi mwana musavutike ndi chisanuchi." Ndinawamangira ufa ndi kabotolo ka mafuta opaka pa kaliyala. Ndinaima pamsewu mpaka chifunga chinawameza.

Anabwerako dzuwa likulowa, matope mpaka m'mawondo, mapazi ouma. Anati amayi ali bwinoko, akuyenda ndi ndodo. Ndinafunsa ngati akugonabe chipinda cha kum'mawa, ngati pichesi wa pakhomo anamudula, amene akuwatungira madzi ndani. Zambiri sanaziyang'ane. Amuna sayang'ana zimenezo.

"Anafunsa za ine?"

"Anafunsa ngati mwana wamera mano. Ndiye akuti mudzabwere kukatentha."

Mlungu wotsatira ndinadutsanso pa kaunjika, mawu nditawakonza kale pakamwa. Zofiirira zija panalibe. Kutatentha kunabwera ntchito ya kudimba, kenako mvula, ndipo amayi anadzamuona mwana akuyenda kale.