Fani ya Mwana wa a Mawotchi

Munthu akalowa mushopu mwathu kudzasankha kompyuta ya magemu, ine ndimamuuza chilungamo, ngakhale bwana wanga akwinye nkhope. Ndimati musakopeke ndi timagetsi tamitundumitundu toyaka kuseri kwa galasi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani za khadi la zithunzi, poti ndi lomwe limasenza gemu. Funsani ngati m'katimo muli malo oti mudzawonjezere mphamvu mtsogolo. Ndipo tcherani khutu ku fani yoziziritsa m'katimo, chifukwa kompyuta yabwino imapuma mwakachetechete. Mawu amenewa ndawanena kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkawanyadira mpaka tsiku lomwe a Mawotchi analowa pakhomo pathu.

Tonse m'chinyumba cha mashopu chino timawatchula choncho. Ali ndi katebulo pansi pa masitepe, kanyale, kagalasi kovala m'diso, ndi zitini zodzaza tizitsulo tosaoneka ndi maso a ife anthu wamba. Ntchito yokonza mawotchi anaiyamba ine ndisanabadwe. Maso sawakhulupirira kwenikweni. Wotchi amaiika pakhutu, n'kutsinzina, kenako n'kukuuza pomwe ikudwala. Timawaseka kuti tsiku lina adzamvetsera ndi buledi yemwe asanagule. Akazi awo anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, wodwala mtima chibadwire. Anakula ndithu mpaka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma kungoyenda kuchoka kuchipinda kufika pageti ankapumira m'mwamba. Chaka chatha tinatseka mashopu n'kupita kumaliro ake.

"Mayi, ndikufuna kompyuta ya magemu," anatero atavula chipewa. "Yobwera yomangamanga kale, ine zolumikiza zidutswa ayi. Yabwino, koma yosaboola thumba."

Ndinaseka. "Ah, bambo, mwayamba liti zimenezi? Mukufuna yothamangitsa magalimoto kapena yowomberana?"

"Ya magalimoto," anayankha osaseka.

Ndinawaonetsa zitatu. Yoyamba inali yamatama, magetsi ngwee ngati basi yaukwati, koma khadi lake lofooka. Yachiwiri inali yamphamvu zedi, mtengo wake woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Yachitatu inali yakuda bii, yopanda chokongola chilichonse, koma ndi yomwe ndikanagulira mchimwene wanga wabere limodzi. Ndinalongosola zonse bwinobwino, iwo akungogwedeza mutu. Kenako anati ndiziyatse. Anawerama, n'kugunditsa khutu pa iliyonse, maso ali tsinzi.

"Iyi siyankhula," anatero pa yoyamba. Pa yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu anakhalitsa pang'ono, n'kupukusa mutu.

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinawayatsira kompyuta iliyonse ya mushopu, ndi zam'makatoni zomwe. Tsiku lachitatu mtima unandipsa, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sindimanga.

"Bambo, anthu amalipira ndalama zambiri kuti kompyuta ikhale chete. Inu mukufuna yaphokoso? Ndiye bwanji osangogula chigayo?"

Sanakwiye. Anakhala pakatoni yopanda kanthu, chipewa chili pabondo, n'kuyamba kundiuza.

Mwana wawo anali ndi kompyuta yakale kuchipinda kwake. Munthu wolephera kufika pageti ankatha tsiku lonse akuthamangitsa magalimoto m'misewu ya m'mapiri. Fani ya kompyutayo inkalira, kaphokoso kokhala ngati njinga yokhula tcheni, ndipo kankamveka mpaka pabalaza. Mtsikanayo ankadana ndi kufunsidwa kuti wadzuka bwanji kasanu pa tsiku. Ndiye anapangana ndi bambo ake.

"Anati, ababa, mukamamva fani ikulira, ndiye kuti ndili bwino, musagogode. Ikakhala chete, gogodani." A Mawotchi anatembenuza chipewa chija. "Tsiku limenelo linali Lamulungu. Inayamba kulira m'mawa. Ine ndinamwa tiyi, ndinasita malaya, ndinakonza mawotchi awiri patebulo, mtima uli m'malo. Ndinkaimba ndi nyimbo, mayi. Ndinagogoda dzuwa litapendeka, chakudya chitazizira. Adokotala anati anapita cha m'mawa momwemo."

Ndinasowa poyang'ana. Chigayo chija chinandibwerera kukhosi.

Kuyambira tsiku limenelo kompyutayo sanaizimitsenso. Chitseko anachibweza, fani n'kumalirabe, miyezi khumi ndi umodzi. Sabata yapitayo magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, kompyuta n'kupsa.

"Sindine wamisala, ndikudziwa komwe ali," anatero. "Koma ikamalira, kumakhala kukadali m'mawa. Ndimakhala ndisanagogode. Panopa m'nyumba muja muli zii, ndipo ine ndikumadyera panja."

Ndinawauza kuti atenge yakuda ija, n'kubweretsa yakaleyo, ndichotsemo fani ndiiike mu yatsopano. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Tsiku lotsatira anabweretsa yakale ija ataikulunga m'chinsalu chapabedi. Atangoitula, munthu wina anawaitana kukatebulo kwawo, wotchi ili m'manja.

Apa ndi pomwe ndimalakalaka wina akanandimanga manja. Ine chinthu chafumbi sindiika mu kompyuta yatsopano. Ndi lamulo lomwe anandiphunzitsa tsiku loyamba pantchito, ndipo manja anga amalitsata mutu uli kwina. Ndinamasula fani ija, ndinatenga kaburashi, ndinapukuta mapiko ake limodzilimodzi. Pakati, pomwe imazungulirira, panali patakulungika tsitsi lalitali, lomatana ndi fumbi. Ndinalikoka ndi kopanira n'kuliponya m'bini. Ndinadontheza kadontho ka mafuta, n'kuimanga mu kompyuta yakuda ija. Zonsezi ndinachita ndikuyankha foni ya munthu wofunsa mtengo wa kiyibodi, ndipo ndikukumbuka kuti ndinadziyamikira mumtima kuti a Mawotchi ndawachitira ntchito yaukhondo.

Atabwerera anaima patsogolo pa kauntala, chipewa m'manja, ngati munthu wodikira mlendo pasiteshoni. Ndinadina batani. Fani inazungulira bwinobwino, myaa, osamveka ngakhale pang'ono.

Ndinagwada pabini, ndinakhuthula mapepala ndi makoko a nthochi pansi, mpaka ndinalipeza tsitsi lija. Ndinazimitsa kompyuta, ndinalikulunganso pomwe linali. Nditayatsa, fani inalitaya kumbali n'kupitiriza kuzungulira mwakachetechete. Ndinayesanso kachiwiri, kachitatu.

"Bambo, pepani. Ndaipukuta. Sindinaganize. Ndipatseni masiku awiri, ndiipinda phiko, ndithiramo fumbi, ilira basi."

"Ilira kulira kwina, mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. "Ine khutu langa mukulidziwa."

Anawerama, n'kugunditsa khutu pachitsulo chakuda chija. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso ali tsinzi, moti makasitomala awiri amene analowa anangoima pakhomo. Ine ndinali nditaima pakati pa zinyalala, ndikupemphera kuti kaphokoso kaja kamveke ngakhale kamodzi kokha.

Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Ndi kompyuta yabwino, simunandinamize," anatero. "Koma yakhala chete. Ndiye kuti ndikagogode."

Anavala chipewa, n'kupinda chinsalu chapabedi chija bwinobwino, n'kutuluka nacho chokha. Masana amenewo katebulo ka pansi pa masitepe kanali kotseka, ndipo sikanatsegulidwe sabata yathunthu. Atabwerera anandipatsa moni monga mwa masiku onse, n'kundiuza kuti kuchipinda kuja atsegula mawindo. Kompyuta yakuda ija anaitenga n'kuipereka kwa mwana wa mlongo wawo.

Tsitsi lija lili mu envulopu, m'dirowa yanga, pansi pa mabuku a malisiti. Kuwapatsa ndikuopa, kutaya sindingathe. Makasitomala ndimawauzabe za timagetsi ndi za khadi la zithunzi. Ndikafika pa fani ndimangoyatsa kompyutayo, n'kuwasiya amvetsere okha.