Dzimbiri Landipeza, Petulo

Petulo mnzanga, lero khasu ladzimbiri landitema phazi kumunda kuseri kwa Phiri la Dedza, ndipo ndakukumbuka mpaka ndangokhala pansi. Inetu, amene ndinkasenza katundu wa mudzi wathunthu tili amtengatenga kunkhondo! Ukumukumbukira Mjeremani wogwidwa uja ku msasa? Analoza waya wofiira wa mpanda, nati m'Chiswahili chake chothyokathyoka: "M'chinenero chathu dzimbiri timati der Rost, ndipo ndi mwamuna. Ophunzira amati die Korrosion, ameneyo ndi mkazi." Iwe unaseka mpaka kugwa: "Banja lodya chitsulo! Nanga ndiwo zake?" Iye osaseka anangoti, "Anthu." Unalumpha mpandawo pomuderera, wayayo n'kukukala pamwendo. Posakhalitsa kafumbata anakugwira, nsagwada zako zinauma gwa, ngakhale madzi osalowa, mpaka tinakusiya m'dothi lachilendo.

Bala langali ndalitsuka, ndathirapo phulusa ndi mafuta a nsatsi. Mayi a ana akuti, "Bambo, takhalani chete, mwatisokosa!" Sakudziwa. Ndikuimba, ndikukalipira mbuzi, ndikucheza ndi iwe, chifukwa ndikuopa kuti ndikatseka pakamwapa sipatsegukanso. Usandiitane msanga, Petulo. Kumeneko wolongolola mmodzi akukwanira.