Casilda wa kumbuyo kwa ngolo

Casilda Iturralde ndi mwana wa Fermín Iturralde ndi Ofelia Quiroga, a kufupi ndi Ayacucho. Anabadwa wachiwiri, koma ndi yekhayo amene anatsala pa famu. Mlongo wake anapita ku Buenos Aires kukagulitsa mafiriji, ndipo hatchi amangoionera pa kanema. Casilda ali ndi ana awiri, Lisandro ndi Amparo. Bambo wa anawo anali munthu wabwino, koma chifuwa chinamutenga ana akadali aang'ono.

Anthu a mpikisano wa ngolo za mahatchi amamudziwa Casilda ndi msana. Pa zithunzi zonse zimene zili m'chipinda chosungira malamba a mahatchi, nkhope yake sioneka. Kutsogolo kuli Don Fermín ndi chipewa chawo, zingwe zili m'manja. Kumbuyo kuli mzimayi wamkulu thupi atalendewera kunja kwa ngolo, mutu uli pafupi ndi matope. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la woyendetsa ndi maina a mahatchi. La wa kumbuyo salemba.

Don Fermín anayamba ndi ngolo ya mkaka. Kenaka mwini famu wina wolemera anawalemba ntchito yophunzitsa mahatchi kukoka awiriawiri, ndipo kumeneko ndi kumene anaonera mpikisano koyamba. Matenda okonda mpikisano anawagwira pomwepo. Anayamba kudula zithunzi za akatswiri a ku Hungary ndi a ku Holland m'magazini n'kumazimata pakhoma. Ankadziwa amene anapambana chaka chakuti, amene anamulanda chikho, ndi mwana wa ndani amene analowa m'malo mwa bambo ake. Akakhuta nyama yowotcha ankaloza khomalo ndi mpeni n'kunena kuti, “Tsiku lina ndidzaima nawo pa bwalo limodzi anthu awa.”

Ngolo ya mpikisano ikamakhota mothamanga pakati pa mitengo yozikidwa, imafuna kugubuduka. Ntchito ya wa kumbuyo ndi kuponya thupi lake kumene ngolo ikukhotera kuti mateyala asachoke pansi, komanso kukumbutsa woyendetsa chipata chotsatira. Casilda anali wamkulu thupi kuyambira ali mwana. Kusukulu ankamuseka. Kunyumba bambo ake ankamuitana kuti Gorda, kutanthauza wonenepa, ndipo dzinalo linakhazikika. Ali mtsikana, bambo wina amene ankaima kumbuyo anathyoka phewa mpikisano utayandikira. Don Fermín anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Gorda, takwera apo tione.”

Anakwera, ndipo ngolo sinadzukenso teyala. Thupi limene ankamuseka nalo linasanduka chuma cha banja.

Koma mtima wa Casilda unali pa zingwe. M'mawa uliwonse ndiye ankatulutsa mahatchi kukawazungulitsa m'minda, ndipo amene anamuona akuyendetsa amadziwa kuti manja ake ndi ofewa kuposa a bambo ake. Amene angatsutse zimenezi sanamuone. Tsiku lina akutsuka mahatchi anafunsa.

“Bambo, ine ndidzakhala liti pampando?”

“Pampando pali munthu.”

“Ndikudziwa kuti pali munthu. Ndafunsa kuti liti.”

Don Fermín anafinya chinkhupule, n'kuyang'ana ku chipinda cha zithunzi chija. “Tikangopita ku Ulaya kamodzi. Tikakabwerako tidzasinthana, iwe pampando, ine kumbuyo.”

“Inu kumbuyo? Ndi kathupi kanu ngati chikwapu aka? Ngoloyo idzagubuduka tisanatuluke pageti.”

“Ndidzaika miyala m'matumba a jekete.”

“Mwalonjeza?”

“Ndalonjeza. Mayi ako apo akumva.”

Ofelia anali pakhonde akusenda mbatata, ndipo anamvadi.

Zaka zinapita. Casilda anakwatiwa, anabereka, anaika mwamuna wake m'manda, ndipo nthawi zonse ankabwerera kumbuyo kwa ngolo. Amparo anasiya kuyamwa msanga chifukwa cha mpikisano wa ku Pilar. Maondo a Casilda anadzaza zipsera. Kangapo konse anatsala pang'ono kusankhidwa kuti akaimire dziko, koma pankapezeka wina wa mahatchi odula amene ankawapitirira.

Kenaka kunabwera Chingolo ndi Tero, mahatchi awiri ofiirira amene Don Fermín anawalera okha. Chingolo anali wofatsa. Tero anali wanzeru koma wamantha, ndipo akangomva chingwe chalekerera ankadzisankhira njira. Chaka chimenecho aliyense ankanena kuti ulendo wa ku Ulaya ndi wa a Iturralde.

Chaka chomwecho Casilda anayamba kuona zina. Bambo ake ankagwetsa chikho cha tiyi wa yerba akachilandira ndi dzanja lamanzere. Mabatani a malaya ankawamanga ndi dzanja limodzi atatembenukira kukhoma.

“Dzanjalo lili bwanji, Bambo?”

“Dzanja la ndani?”

“Lanu lamanzere.”

“Lili pamalo pake. Iwe samala mapazi ako.”

Sanafunsenso.

Mpikisano wosankha opita ku Ulaya unachitikira pa famu ina yaikulu. Tsiku loyamba, loonetsa kumvera kwa mahatchi pabwalo, anachita bwino. Tsiku lachiwiri linali la kutchire, lothamanga m'zipata. Lamulo lake aliyense amalidziwa: zingwe, chikwapu ndi buleki ndi za woyendetsa yekha. Wa kumbuyo akangogwira chingwe, chilango chake n'cholemera moti sungachibwezenso ndi liwiro.

Anadutsa zipata zoyamba bwinobwino. Casilda ankafuula, “Kumanja! Chofiira icho! Tiyeni, tiyeni!” ndipo mahatchi ankakhota ngati akumva okha. Atafika pa zipata za m'madzi, njira inkatsetsereka n'kukhotera kumanzere. Kumanja kunali mpanda wamatabwa, ndipo anthu anali atautsamira, ena atakhazika ana pamwamba pake.

Ngolo itangolowa m'madzi, Casilda anaona chingwe chamanzere chikupulumuka m'zala za bambo ake. Zalazo zinangotseguka zokha. Tero anamva kuti palibe womugwira, ndipo anakokera mnzake kumanja, kumpanda kuja. Casilda sanaganize kawiri. Anatambasula mkono pamwamba pa phewa la bambo ake, anagwira chingwe, anakoka, mahatchi anakhota, ndipo anachibwezera m'dzanja lawo n'kulifumbatitsa ndi lake. Teyala linakwecha mpanda. Palibe anavulala. Woweruza wa pamalopo anali ataona, ndipo analemba.

Anamaliza mpikisano, koma ku Ulaya kunapita wina.

Ku lole ya mahatchi, anthu ali pomwepo akumasula malamba, Don Fermín anavula chipewa n'kuchiponya pansi.

“Wagwira zingwe zanga.”

“Ndagwira, Bambo.”

“Zaka zonsezi unalephera kudikira tsiku limodzi lokha? Manja ankakuyabwa?”

Casilda anayang'ana dzanja lawo lamanzere. Linali m'thumba la buluku. Anthu onse ankadikira yankho. Casilda akanangonena mawu awiri, aliyense akanadziwa kuti Fermín Iturralde watha, ndipo palibe akanawalolanso kulowa m'zipata ndi ana atakhala pampanda. Anawerama, anatola chipewa, anachikuntha fumbi n'kuwapatsa. Kenaka anapita kukapukuta Tero.

Nkhani inafala kuti Gorda wa a Iturralde anataya ulendo wa bambo ake chifukwa cha dyera la zingwe. Ena ankamunena mwanthabwala pomuwona. “Gorda, manja kumbuyo lero!” Iye ankayankha kuti, “Inu samalani mimba yanuyo isakugwetseni pampando,” n'kumapitiriza ntchito. Amene ananena zimenezo ena alipo mpaka lero, ndipo m'banja muno maina awo sitinaiwale.

Mayi ake okha ndi amene Casilda anawauza zoona, nawonso atachita kumupanikiza kukhitchini. Ofelia anapukuta manja n'kupita kukhola.

“Fermín, mwana uja anakubisira manyazi pamaso pa anthu. Umupatse zingwe.”

“Pangano linali lakuti tikabwerako ku Ulaya.”

“Nanga dzanjalo?”

“Kodi tapitako ku Ulaya?”

Don Fermín anayendetsabe nyengo ziwiri, mosamala ngati wonyamula mazira, ndipo sanapambanenso. Kenaka analengeza kuti mahatchi akalamba. Tsiku losiya, anthu a pa famu atasonkhana, anatenga zingwe n'kumudutsa Casilda. Anazipereka kwa Amparo, mdzukulu wawo, amene anali atakula n'kukhala mtsikana wochepa thupi ndi wa manja a mayi ake.

“Agogo, nanga amayi?” anafunsa Amparo.

“Mayi ako ali ndi malo awo. Ukufuna ugubuduke?”

Madzulo ake Amparo anapita kwa mayi ake ndi zingwezo. “Amayi, tengani. Ine sindingathe kukhala pampando inu muli kumbuyo.”

“Ndiye kumbuyo kwako kuime ndani? Lisandro? Amene amasanza m'basi uja?” Casilda anamubwezera zingwe. “Khala pampando. Mwana wanga sindingamupereke kwa mlendo. Za ine ndi agogo ako si zako.”

Anayamba ndi mahatchi atsopano, ana a mlongo wake wa Chingolo. Amparo ankamvera. Mayi ake akati “dikira,” ankadikira, akati “tsopano,” ankalowa. Pa chaka chachinayi anasankhidwa. Anagulitsa ng'ombe, anzawo anasonkha, mahatchi anakwera ndege, ndipo Don Fermín anapita nawo atavala suti ya pa ukwati wa Casilda.

Ku Ulaya sanapambane. Anathera pakati, kumbuyo kwa a ku Hungary ndi a ku Holland, patsogolo pa ena ambiri amene anabadwira m'ngolo. Don Fermín anazungulira makola onse akugwirana chanza ndi ana ndi adzukulu a anthu a pakhoma lawo lija, akulankhula Chisipanishi kwa anthu osachimva. Pa zipata za m'madzi anaima kumpanda, ndipo Amparo ndi mayi ake atadutsa anafuula mpaka mawu anasasa. Chithunzi cha tsiku limenelo chilinso m'chipinda chija. Pansi pake palembedwa Amparo ndi mahatchi. Casilda akuoneka msana.

Lamlungu loyamba atabwerako, Casilda anamanga mahatchi pa ngolo ya mpikisano. Anavala chipewa ndi magolovesi, anakhala pampando, n'kuimitsa ngolo patsogolo pa khonde pamene bambo ake ankamwa tiyi.

“Bambo, tabwerako ku Ulaya.”

Don Fermín anaika chikho pansi. Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, anazungulira mahatchi, anagwira lamba wa pamimba pa hatchi yakumanzere.

“Lamba uyu walekerera.”

“Sanalekerere.”

Don Fermín anafika kumbuyo kwa ngolo. Pamenepo pali zitsulo ziwiri zogwira, china kumanja, china kumanzere, ndipo munthu sangaimepo ndi dzanja limodzi. Anagwira chakumanja. Anayang'ana chakumanzere nthawi yaitali. Casilda sanatembenuke, koma ankamva ngolo ikupendekeka pang'ono ndi kulemera kwa dzanja limodzilo. Ankangofuna amve mawu amodzi okha onena za dzanjalo, ndipo akanayendetsa mahatchi pang'onopang'ono ngati a ngolo ya mkaka.

“Kukubwera mvula,” anatero Don Fermín. Kumwamba kunalibe mtambo. Anasiya chitsulo n'kubwerera pakhonde.

Amparo anathamanga kuchokera kukhola. “Amayi, ndikwere ine.”

“Ayi. Malo amenewo ali ndi mwini wake.”

Anagwedeza zingwe n'kutuluka yekha, kumbuyo kuli kopanda munthu. Anazungulira minda osathamanga, chifukwa ngolo yopanda wa kumbuyo sikhota mwaliwiro.

Kuyambira pamenepo amachita zimenezi Lamlungu lililonse. Amaima pakhonde, amanena kuti, “Bambo, tabwerako ku Ulaya,” ndipo Don Fermín amapeza chonena. Tsiku lina ndi mphepo, tsiku lina ndi bondo, tsiku lina akuti hatchi yakumanja ikutsimphina. Za dzanja sananenepo. Casilda naye sanauzepo munthu wa mpikisano chimene chinachitika m'madzi muja, ngakhale tsitsi lake layamba imvi ndipo ena amamutchulabe wadyera.

Mwezi wathawu Ofelia anafuna kuchapa jekete lakale la mwamuna wake, limene limakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Polinyamula linamulemera. M'matumba onse awiri munali miyala ya kumtsinje, yosankhidwa bwino, yofanana kukula. Sanaichotse, ndipo jeketelo sanalichape. Analibwezera pa msomali pomwepo.

Lamlungu lotsatira Casilda anaimanso pakhonde. Don Fermín anatuluka atavala malaya okha, n'kunena kuti kwatentha.