Nsadzu Ndinaiitana Ndine

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndiye wofuna kuseka kalembedwe kanga aseke. Koma za mbalame ya nsadzu palibe munthu kuno ku Mzimba angandiphunzitse, ngakhale abwere ndi mabuku odzaza ngolo.

Amene anandiputa ndi mkweni wanga, mwamuna wa mwana wanga wachiwiri. Iyeyu amayendetsa galimoto ya hayala ku Lilongwe. Anaimba foni nati, "Adada, ndili ndi alendo awiri oona mbalame. Tazungulira malo osungira nyama a m'mbali mwa nyanja sabata yonse, tsopano tikudzera kwanuko. Nsadzu yawakanika. Ndawauza kuti inu mumayankhula nayo."

Ndinakondwa chomene, ndisaname. Ndinanola nkhwangwa, ndinavala jekete ya kutchalitchi, machesi m'thumba, n'kukawadikira pa Jenda.

Anali mayi wina wamagalasi wa ku Blantyre, amene ankalamula zonse, ndi bambo wina wonenepa wonyamula kamera yaitali ngati musi. Onse awiri zoonera patali zili lendelende m'khosi. Nditakhala m'galimoto ndinafunsa, "Kodi mbalamezo mukaziona mumatani nazo?"

Mayi uja anandionetsa buku. Maina okhaokha, mzere ndi mzere. "Timachonga, agogo."

"Basi?"

"Basi."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Anthu akuluakulu kutentha mafuta kuchokera kunyanja mpaka kuno, kudzachonga!

Tinasiya tala n'kulowa msewu wa ku Embangweni. Ulendo wa ola limodzi tinayenda maola atatu. Kambalame kakangotera pa chitsamba, "Imani! Imani!" Ine ndikati ndiwauze kuti kameneko ndi katimba chabe, onse awiri, "Shii! Agogo, tsitsani mawu." Ine? Mawu angawa ndi amene ankautsa anthu kukazimitsa moto ku mapaini a ku Viphya. Ndikakuwa pa nsanja yolondera moto, wa kutsidya la phiri ankataya supuni n'kuthamanga. Lero mwana wobadwa dzulo akundiuza shii. Ndinameza, chifukwa cha mkweni.

Tinafika pa phiri langa dzuwa litakwera. Si langa lolembetsa ayi, koma uchi wa pamenepo ndaudya kuyambira ndili ndi mano onse. Kale nsadzu zinkachita kulimbirana munthu. Lero ootcha makala ameta phiri lonse, yatsala mitengo ya m'khwawa mokha, ndipo nsadzu yoyankha munthu inatsala imodzi. Imodzi yokha. Ikandisiya imeneyo, ine ndi uchi wa m'tchire tasiyana.

Kwa osadziwa, ntchito yake imayenda chonchi. Umaimba likhweru, ukugogoda mtengo ndi nkhwangwa. Iyo imabwera, ikulira, n'kumauluka mtengo ndi mtengo, iwe pambuyo, mpaka pa mphako ya njuchi. Iwe umafukiza utsi, kutema, kutenga uchi, n'kuisiyira malesa a ana a njuchi pa mwala. Iyo ilibe nkhwangwa, iwe ulibe mapiko. Ena amati ukaimana imadzakutengera kwa njoka. Zimenezo ine sindinazione. Chimene ndinaona ndi maso angawa n'chakuti imasiya kukuyankha.

Kunatentha, ndiye ndinavula jekete n'kuisiya pampando. Ndinaimba likhweru. Ndinagogoda mombo. Kachitatu, ndi iyo! Inatera pamwamba pathu penipeni, mchira woyera m'mbali uli balala, ikulira ngati machesi ogwedeza m'bokosi. Wonenepa uja kamera ili tcha tcha tcha. Mayi uja anachonga m'buku mwake.

Nsadzu inauluka kulowera kukhwawa n'kutera, kutidikira. Ine nkhwangwa paphewa. Nditacheuka, anthu akukwera galimoto.

"Mukupita kuti?"

"Taiona, agogo. Yewo chomene," anatero mayi uja, Chitumbuka chake chophunzira dzulo. "Tiyeni, kudambo kuli ina imene sitinachonge, dzuwa likupita."

"Mwaiona! Nanga iyo yaona chiyani? Mwaiitana kuti idzatani?"

"Mwaiitana ndinu, madala," anatero wonenepa uja akuseka. "Ndi mbalame chabe, iiwala."

Apo ndiye mawu anga a pa nsanja anatuluka onse. Ndinawauza kuti munthu sugogoda pakhomo pa mnzako, iye atsegule, iwe n'kumujambula n'kuthawa. Ndinawauza kuti buku lawolo akalipatse njuchi zilichonge. Wonenepayo ndinamuuza kuti mimba yakeyo ikanatsika akanayenda pang'ono pambuyo pa mbalame. Zina sindilemba, ndine mkulu wa mpingo.

Mkweni anabwera pafupi, atagwira manja kumbuyo. "Adada, ndapota, kwerani. Ntchito yanga ndi imeneyi. Mawa mudzabweranso."

"Mawa? Iyo ikulira lero. Pitani nawo alendo anuwo, ine miyendo ndili nayo."

Mkweni analiza galimoto. Sindimuda, ali ndi ana. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi mawu a wonenepa uja, chifukwa sananame. Likhweru linali langa. Ndinaitana mbalame kuti anthu a m'tauni aone kuti ndine ndani.

Ndinaitsata. Mawondo akulira, iyo patsogolo, ine pambuyo, ndikuiyankha kuti idziwe sindinabwerere. Inakaima pa muwanga wakale, n'kukhala chete. Njuchi zili piringupiringu pa mphako, pofika mutu wanga. Ndinasonkha udzu, n'kupisa dzanja kufuna machesi. Machesi ali m'jekete. Jekete ili m'galimoto. Galimoto ili kudambo.

Ndinatukwana mtengo, ndinadzitukwananso ine ndemwe. Moto wapafupi unali umodzi wokha: kutsidya kunkafuka uvuni wa makala. Anthu omwewo amene ndinawakalipira pamaliro, pamaso pa mudzi wonse, kuti akupha phiri. Ndinayenda. Ndinawapeza awiri atakhala pa matumba, akuda bii.

"Ndipatseniko moto."

Anayang'anana. Wamkuluyo anati, "Adada, moto wathuwu? Si uja munati ndi wa Satana?"

"Ndinatero, ndipo ndidzateronso. Ndipatseni."

Anaseka mpaka kugwira nthiti, koma anandiikira makala amoto pa khungwa. Ndinabwerera ndikuuzira njira yonse. Pofika pa muwanga, nsadzu kunalibe. Ndinaimba likhweru, zii. Ndinafukizabe, ndinatema, njuchi zinandiluma kumaso mpaka diso limodzi kutsekeka. Uchi ndinangonyambita wa pa zala. Malesa onse ndinayala pa mwala, onse, n'kutsika wapansi kukafuna njinga ya kabaza, wopanda jekete, nkhope ngati dzungu.

Loweruka ndinabwererako. Pamwala panali pamyaa, koma wodya sindikumudziwa, kaya ndi iyo, kaya chiuli, kaya nyerere. Ndinaitana, zii. Sabata yotsatira, zii. Mayi a kunyumba ankati ndikungotha nsapato. Ulendo wachinayi ndinagogoda mombo mpaka dzanja kuchita dzanzi, ndipo ndili pafupi kubwerera, ndinaimva. Sinatere pamwamba panga ngati kale. Inalira patali, kumapeto kwa khwawa, kamodzi, n'kudikira kuti ione ngati ndinyamuka.

Ndinanyamuka.