Zipolopolo za a Muhowa

Ndiulule ndekha ena asanandiululire: ine Dafuleni, ndi imvi zangazi, ndinakula ndikukhulupirira kuti zipolopolo zimayankhula. Musaseke kwambiri, inuyo mumakhulupirira andale.

Anandipusitsa ndi a Muhowa, amene nyumba yawo inali kuseri kwa nthochi zathu, kumtunda kwa Limbuli, komwe minda imakathera m'matanthwe a phiri. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la wonga wopsa, la mafuta a makina osokera amene ankapukutira mfuti yawo, ndi la utsi wa makala pamene ankasungunula mtovu m'kachitini ka nsomba, akupemerera ndi chivundikiro cha poto kwinaku akutukwana nkhuku m'Chilomwe. Anawoloka mtsinje wa Muloza, wa m'malire, ali mnyamata, ndipo mfutiyo, ya mpope umodzi, anaipeza pantchito yolondera minda ya tiyi. Inali ndi chiphaso chake cha ku Boma, chimene ankachisamala kuposa malaya.

Zipolopolo za m'sitolo zinali zodula, choncho ankadzaza okha. Ankatenga chigoba chofiira chimene anawombera kale, n'kuikamo fataki yatsopano yoyatsira moto, wonga, ndi kansanza kotsekera. Pamwamba pake ndiye panali nkhani. Cha gwape ankathiramo machaka, timitovu ting'onoting'ono ngati mapira. Cha nguluwe ankaikamo mtovu umodzi wokha, wonenepa ngati nsonga ya chala chachikulu. Akatseka, zonse zinkaoneka chimodzimodzi. Iwo ankazitcha kalitushu, monga amanenera kutsidya.

"Mwanaka," ankatero, kutanthauza mwana wanga, "gwape ukamulasa molakwika amalira ndi iyeyo. Nguluwe ukailasa molakwika umalira ndiwe."

Ndipo ankakweza buluku kutionetsa chipsera chochoka pabondo mpaka pakatumba, mphatso ya nguluwe ina imene anaithira machaka ali wosadziwa. Machaka pa nguluwe n'kungoiputa. Imagwedeza khungu ngati yalumidwa ndi njuchi, kenaka imabwera kudzafunsa amene waituma.

Ndiye asanapite kuthengo ankatenga chipolopolo, n'kuchigwedeza pakhutu, maso ali chotsinzina. Cha machaka chimati tseketseke, cha mtovu umodzi chimangoti gu. Zimenezi ndinadzazidziwa ndevu zitamera. Ndili mwana ndinawafunsa chimene ankamvetsera.

"Ameneyu akuti akufuna gwape," anandiyankha osaseka n'komwe. "Uyu akuti iye za gwape n'zachibwana, tim'patse nguluwe."

Ndinakazinena kusukulu, pamaso pa aphunzitsi, pa phunziro la sayansi. Chikwapu chimene ndinalandira tsiku limenelo chinathandiza kuti ine ndi sukulu tisiyane mwamtendere mu Sitandade 4. A Muhowa atamva anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo akandiona ankafuula: "A pulofesa! Zikuti bwanji lero?"

Zaka zinapita. Nthawi imene zipani zinachuluka, akazi akumanga nsalu za nkhope za anthu m'chiuno, ine n'kuti ndili pabanja ndi Esinati, mayi a Feresi, ndikupalasa njinga ya chinanazi kupita nayo kumsika. A Muhowa anali atafota ngati fodya wa chaka chatha. Gwape anali atamusiya kalekale, poti a nkhalango analetsa, koma nguluwe yolowa m'munda inali mlandu wina. Ndipo chaka chimenecho inatsika imodzi, yamphongo, imene inkafukula chinangwa cha akazi awo, a Namalowa, mzere ndi mzere ngati yalembedwa ganyu. Chinangwa chimenecho ndicho ankayanika kuti chikhale makaka awo a m'nyengo ya njala.

Mwana wawo Lemisoni anabwera kuchokera ku Blantyre atavala nsapato zosongoka. Ndinalipo pakhonde pamene ankawauza.

"Ababa, mwakula. Nkhondo yatha kutsidyaku, apolisi akutolera mfuti. Iyinso tikapereke isanakupwetekeni."

"Eya," anatero a Muhowa, akugwedeza mutu. "Mvula ichedwa chaka chino."

Tonse tinaseka, tinkati akumunyoza mwanayo mwaukatswiri. Lemisoni anapsa mtima, n'kunena kuti pakutha kwa mwezi abwera kudzainyamula yekha. Atachoka, a Namalowa anawafotokozera amuna awo kuseri, ndi manja ndi pakamwa pomwe. Mkuluyo anatuluka maso ali psu.

"Ndiphe kaye nguluweyi," anatero, "aone ngati ndakalamba."

Mfuti imeneyo sinali chitsulo chabe. A Muhowa analibe ng'ombe, analibe njerwa zowotcha, kutchalitchi sankawapatsa mpando wakutsogolo. Koma munthu akabwera kudzadandaula za munda wake ankagwada pakhomo pawo, ndipo ankawatcha alenje.

Madzulo ake, dzuwa likutsamira paphiri, anatuma mwana kudzandiitana. Ndinawapeza pamkeka, chitini chili pakati pa miyendo. Denga litadontha m'dzinja, a Namalowa anapulumutsa zipolopolo pozikhuthulira pamodzi m'chitinimo, za gwape ndi za nguluwe, ngati nyemba. Mkuluyo anatenga chimodzi, kugwedeza kukhutu lamanja. Anasamutsira kulamanzere. Anabwereranso kulamanja. Kenaka anaseka, kuseka kwawo kopanda mano kuja.

"A pulofesa! Paja inu munakaphunzitsa aphunzitsi kuti zimayankhula. Tabwerani mumve nokha, ndione ngati sukulu inakuthandizani."

"Agogo, mukufuna andikwapulenso?" ndinatero.

Sanaseke. Ndinaona kuti sakundiyang'ana m'maso, akuyang'ana milomo yanga. Nthawi yomweyo a Namalowa anaitana ali kukhitchini, mokuwa ndithu mpaka galu anadzuka, koma mkuluyo sanatembenuke. Mvula ichedwa chaka chino! Pamenepo ndinazindikira. Munthu amene ankamva gwape akuponda tsamba louma kutsidya kwa mtsinje anali atagontha, ndipo akanalola kufa kusiyana n'kuti anene.

Ndinakhala pansi. Anandiika chipolopolo pakhutu, dzanja lawo likununkha fodya ndi mafuta, n'kugwedeza. Tseketseke. Kukuwa sindikanatha, mudzi wonse ukanamva, ndiye ndinaimika zala ziwiri pamutu ngati tinyanga. Anachiika pambali. China, tinyanga. China, tinyanga. Anthu odutsa panjira ankangoona amuna awiri akuluakulu akusewera, wina mpaka anafuula kuti kachasu wa masana ngwoipa.

Ndisaname, maganizo anandibwerera oti ndizingoimika tinyanga mpaka chitini chithe, mkuluyu agone kunyumba ndi miyendo yake yonse. Koma ndinkawadziwa. Akanapita ndi machaka omwewo. Tsono chinafika china chimene chinangoti gu. Ndinawagwira dzanja kuti agwedezenso. Gu. Ndinachilanda, kugwedeza ndekha kukhutu ili ndi ili, thukuta lili kamukamu, poti ndikalakwitsa wolira sakhala ine. Kenaka ndinaika zala m'mbali mwa kamwa ngati mano a nguluwe.

A Muhowa anachitenga, n'kuchigwedeza pakhutu lawo logonthalo, maso ali chotsinzina monga kale, ndipo ananena mokweza kuti ndi akunjira omwe amve:

"Eya. Ameneyu akuti nguluwe."

M'bandakucha tinali kumunda. Sanandiitane, koma sanandibweze. Anawaza phulusa m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, n'kukhala tsonga kuseri kwa chulu, pafupi ndi kanjira kamene chilombocho chinkabwererera kuphiri. Ine ndinasankha malo aulemu, pamwamba pa mtengo wa mango. Mame ankandidonthera m'khosi, nkhungu ikutsika m'matanthwe, atambala akumudzi akulandizana.

Ndinaimva ndisanaione, ikufwenkha ndi kutafuna, koma osati kumene mfuti inaloza. Inkabwera chakumanzere, m'nandolo, kumbuyo kwa phewa lawo. Iwo ali phee, kuyang'ana kanjira kopanda kanthu. Ndinathyola kamango kakawisi n'kuponya. Moyo wanga wonse sindinalasepo ngakhale mpheta ndi legeni, koma tsiku limenelo kanakagwa pa phazi lawo lamanzere. Anatembenuka pang'onopang'ono ngati nanzikambe, mfuti ili paphewa. Nguluwe inatulukira, manyenje ali njo, n'kuima kuti inunkhize.

Phiri lonse linayankha kulira kwa mfutiyo. Utsi utapita, chilombo chinali gone, chikupalasa dothi ndi miyendo yakumbuyo, pafupi moti akanachikhudza ndi ndodo. Bala linali limodzi, kuseri kwa phewa. Ine kutsika mumtengo ndinatsika ndi msana.

"A pulofesa," anatero akutulutsa chigoba chofuka utsi, "mangowa ayamba msanga kugwa chaka chino." Anandifumbatitsa chigobacho chikadali chotentha, n'kundifinya dzanja.

Lemisoni atabwera anapeza nyama yowamba ikumudikira ndiponso mudzi wonse ukusimba za bambo ake. Anadya, n'kubwerera ku Blantyre chimanjamanja. Mfutiyo a Muhowa anakaipereka okha ku Boma chaka chotsatira, atavala jekete, pa tsiku limene anasankha eni ake. Wowafunsa ankamuyankha kuti zipolopolo za masiku ano zasiya kuyankhula. Chigoba chija ndili nacho mpaka lero, ndimasungiramo fodya wanga wa m'mphuno. Ndikachigwedeza pakhutu sindimva kanthu, ndipo sindifuna kudziwa ngati vuto ndi fodyayo kapena khutulo.

Nkhaniyi ndaisunga mpaka onse awiri, iwo ndi a Namalowa, atagona kumsitu, ndipo amene amadziwa pakamwa panga angadabwe. Si nzeru zanga. Tsiku la nguluwelo ndinafika kunyumba ndi mwendo wathunthu paphewa, nkhani ikundiyabwa pakhosi, nditakonza kale mmene ndikaikometsere kubawo mawa lake. Usiku ndinamufotokozera Esinati zonse, tinyanga, mano, kamango. Anamvetsera osaseka ngakhale pamene ndinagwa mumtengo. Kenaka anazimitsa koloboyi.

"Bambo a Feresi," anatero mumdimamo, "ine ndinkayesa makutu anuwo ndi ongokongoletsa mutu. Poti lero mwawabwereketsa kwa munthu wamkulu, musakawaitanitse pagulu."